Timabvu Toteteza Mbeu: Cifukwa Cace Akatswiri Afunitsa Kudziwa Maina Ao

M'nyengo ya cirimwe mabanja ambiri a ku Livingstone, ku Nottie Broadie, ku Maramba, ku Dambwa ndi ku Libuyu, amalima timadimba ta repu ndi kabici kuseri kwa nyumba, monga momwe acitira alimi a kumidzi m'mbali mwa mitsinje. Mdani wamkulu wa ndiwo zimenezi ndi nsabwe za masamba, zotuwa zija zounjikana kunsi kwa tsamba. Koma munthu akayang'anitsitsa pa mulu wa nsabwezo, kawirikawiri apeza zina zitatupa ndi kuuma, zooneka ngati udzu wouma, ndipo zina ziri ndi kabowo kozungulira pamsana. Nsabwe zotere sizinafe ndi dzuwa kapena ndi mankhwala ai. Zinaphedwa ndi kamabvu kakang'ono, kotalika ngati mamilimita awiri okha.

Mmene Timabvuti Tigwirira Nchito

Timabvu timeneti si mabvu aja omanga zisa patsindwi ndi kuluma anthu. Munthu kapena ciweto sicingalumidwe nato. Kakakazi kali ndi kambola koonda koikira mazira. Kamabaya nsabwe ndi kusiya dzira limodzi m'kati mwace. Dziralo limaswa kamphutsi, ndipo kamphutsiko kamadya nsabweyo m'mimba kufikira itafa. Khungu lokha ndilo litsala, nilikhala cikwa cace. Nyengo ikakhala yofunda, pakapita masabata ngati awiri kamabvu katsopano kamaboola khungulo ndi kuuluka kukafuna nsabwe zina.

Mitundu ina imaikira mazira m'thupi la mbozi, monga kapuci wa m'cimanga. Mphutsi zao zikakhwima zimaturuka ndi kuluka tizikwa toyera tonga mpunga pambali pa mbozi yakufayo. Mitundu inanso imaikira m'mazira a agulugufe, kotero kuti mbozi siiswa nkomwe. Pa mitundu yotereyi pali wochedwa Trichogramma, umene sufika ngakhale milimita imodzi.

Cinthu cacikulu cofunika kukumbukira ndi ici: mitundu yambiri ya timabvuti ndi yosankha. Uliwonse uli ndi kacirombo kace kamene umafuna, ndipo ena umawapitirira. Pa cifukwa cimeneci nkosakwanira kungonena kuti "kamabvu" kapena "nsabwe". Pafunika kudziwa mtundu wace weniweni.

Mmene Akatswiri Asiyanitsira Mitundu

Monga munthu ali ndi mfunda ndi dzina lacelace, kacirombo kalikonse kamapatsidwa maina awiri a Cilatini. Loyamba ndi la gulu lace, laciwiri ndi la mtundu wace. Dongosolo limeneli la maina a nyama linakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'caka ca 1758. Kamabvu kopha nsabwe za kabici kamene kapezeka m'maiko ambiri dzina lace ndi Diaeretiella rapae, ndipo katswiri wa ku Lusaka, wa ku London kapena wa ku Tokyo akamva dzinali adziwa kuti akunena kacirombo komweko.

Nchito yosiyanitsa mitunduyi ndi yobvuta, pakuti timabvuti ticuruka kwambiri. M'banja limodzi lalikulu lochedwa Chalcidoidea muli mitundu yoposa 22,000 imene inapatsidwa kale maina. Katswiri amaika kamabvu pansi pa galasi lokuza zinthu. Amawerenga mfundo za tinyanga ta kumutu ndi mfundo za kumapazi. Trichogramma ali nazo zitatu pa phazi, pamene mitundu yambiri iri nazo zisanu. Amayang'ana kayalidwe ka mitsempha ya m'mapiko, ndi ubweya wa pamsana. Mitundu ina ifanana kotheratu, kotero kuti aisiyanitsa pokhapokha atang'amba kakamuna ndi kuona ziwalo zace zoberekera. Akatha amalinganiza ndi kamabvu koyamba kamene kanapatsidwa dzinalo, kamene kamasungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zacilengedwe. Masiku ano amayesanso DNA, ndiye mbeu ya cibadwa imene iri m'thupi la camoyo ciriconse.

Phunziro la Cinangwa

Wina angafunse kuti nchito yowerenga tinyanga iri ndi phindu lanji kwa mlimi. Nkhani ya cinangwa iyankha funso limenelo.

M'caka ca 1973 alimi a kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville anaona kacirombo kacilendo pa nsonga za cinangwa, kokutidwa ndi zoyera zonga ufa. Ku Malawi amakacha kodikodi. Nsonga zinapinimbira, masamba anakwinyika ndi kuyoyoka, ndipo m'minda yogwidwa kwambiri zokolola zinatsika ndi magawo 80 mwa 100. Cigwada cinasowa, mizu inacepa. Popeza kodikodi analibe adani okwanira mu Africa, anafalikira dziko ndi dziko. M'caka ca 1977 Danièle Matile-Ferrero, katswiri wa ku Paris, anamupatsa dzina lakuti Phenacoccus manihoti.

Cinangwa kwao ndi ku South America, cotero akatswiri anaganiza kuti kodikodi anacokera komweko, ndi kuti mdani wace ali komweko. Hans Herren wa ku Switzerland, amene anayamba nchito ku bungwe la IITA ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, mu 1979, anatsogolera nchito yofunafuna mdaniyo. Cakumpoto kwa South America kunapezeka kodikodi wofanana naye pa cinangwa, ndipo timabvu tomupha tinatumizidwa ku Africa. Koma timabvuto sitinaswane pa kodikodi wa kuno. Nchito ndi ndalama zinapita pacabe.

Cifukwa cace cinadziwika pamene akatswiri a maina anayang'anitsitsa. Jennifer Cox ndi Douglas Williams a ku London anasonyeza mu 1981 kuti kodikodi wa kumpotoyo ndi mtundu wina, namucha Phenacoccus herreni. Iyeyu ndi wacikasu ndipo ali ndi amuna ndi akazi, pamene wa mu Africa ndi wofiirira pang'ono, ndipo ndi akazi okhaokha oswana popanda amuna. Caka comweco Anthony Bellotti wa bungwe la CIAT anapeza Phenacoccus manihoti weniweni ku Paraguay. Kumeneko kodikodi anali wosowa kwambiri, cifukwa adani ace anali kumucepetsa.

Pa adaniwo panali kamabvu kosapitirira mamilimita awiri, kamene Luis De Santis wa ku Argentina anali atakapatsa kale dzina mu 1964. Mabuku a nthawi ija anakalemba kuti Epidinocarsis lopezi kapena Apoanagyrus lopezi. Lero kadziwika kuti Anagyrus lopezi, pakuti akatswiri anakasamutsa gulu ataona bwino cibale cace. Kanayamba kapimidwa ku England kuti kasadze ndi matenda kapena tizirombo tina, ndipo kumapeto kwa 1981 kanamasulidwa ku Nigeria. Ku Zambia kanayamba kumasulidwa mu 1984, ndipo ku Malawi, kumene kodikodi anaononga kwambiri minda ya ku Nkhata Bay, mu 1985. Pofika 1990 kodikodi anali atacepa kwambiri m'minda ya ku Zambia. Mlimi sanagule mankhwala kapena pampu. Timabvu tinaswana tokha ndi kuuluka munda ndi munda. Herren analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995 cifukwa ca nchito imeneyi. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo ameneyu sakadapezeka dzina la kodikodi likadakhala losokonezeka.

Mbozi za M'cimanga

Nzeru yomweyi inathandizanso pa mbozi zacilendo zoononga cimanga, zimene zinaoneka mu Africa mu 2016, ndi kufika ku Zambia kumapeto kwa caka comweco. Akatswiri anali kulingalira zoitanitsa kamabvu kochedwa Telenomus remus, kopha mazira a mbozizo. Koma atapima maonekedwe ndi DNA ya timabvu toturuka m'mazira otoledwa m'minda, analengeza mu 2019 kuti kamabvuko kali kale ku Benin, Côte d'Ivoire, Niger, Kenya ndi South Africa. Cotero nchito inatsala yakuti kasungidwe ndi kucurukitsidwa.

Zimene Mlimi Ayenera Kucita

Coyamba, ayang'ane asanapopere. Akapeza nsabwe zambiri zotupa ndi zouma, kapena tizikwa toyera pambali pa mbozi yakufa, adziwe kuti timabvu tiri pa nchito, ndipo asatiphwanye. Mankhwala amphamvu amapha timabvu msanga koposa nsabwe zobisala m'masamba okwinyika, ndipo pambuyo pace nsabwe zimabwerera zocuruka popeza mdani wao wafa.

Caciwiri, asiye zomera zamaluwa m'mbali mwa dimba, cifukwa timabvu tatikulu timamwa madzi otsekemera a m'maluwa.

Cacitatu, akaona kacirombo kacilendo athandize akatswiri. Athyole tsamba lokhala ndi nsabwe zoumazo, aliike m'botolo loyera, atseke pakamwa ndi nsaru yopyapyala, ndi kuliika pamthunzi. Pakapita masiku owerengeka timabvu tidzaturuka. Atiike m'kabotolo ka sipiriti, ndipo alembe ndi pensulo pa kapepala dzina la malo, tsiku, dzina la mbeu ndi kacirombo kamene tinaturukamo. Kapepalako nkofunika kwambiri, pakuti pali timabvu tina timene timadya timabvu tothandiza, ndipo katswiri sangaweruze bwino osadziwa kumene tinacokera. Zonsezi apereke kwa Mlangizi wa zamalimidwe wa m'dera lace. Akatswiri a Boma ofufuza za tizirombo ta mbeu ali ku Mount Makulu, ku Chilanga.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mlimi amene aphunzira kusiyanitsa nsabwe yamoyo ndi nsabwe yobayidwa asunga ndalama za mankhwala, ndipo ndiwo za ana ace zikhala zosadetsedwa.