MANKHWALA A ZITSAMBA KWA AMAYI AMENE AKULEKA KUSAMBA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Nkhani imene tiikamba lero ndi imodzi mwa nkhani zimene makolo athu sankazikamba pabwalo, koma kuseri kwa nyumba, pakati pa anankungwi ndi amayi aakulu okhaokha. Tipempha awerengi athu kuti atikhululukire poiturutsa poyera, pakuti m'masukulu ndi m'maofesi a Boma muli amayi ambiri, aphunzitsi, anamwino ndi alembi, amene afika pa msinkhu woleka kusamba ali pantchito, ndipo ogulitsa mankhwala a zitsamba awapeza kale amayiwa ife tisanawapeze.

Bungwe la World Health Organization likuti akazi ambiri amaleka kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, ndipo madokotala amanena kuti mayi walekadi pokhapokha patapita miyezi 12 osaona kanthu. Chimene chimachitika n'chakuti tiziwalo topanga mazira timachepetsa pang'onopang'ono mphamvu ija yotchedwa esitirojeni, ndipo thupi, limene linazolowera mphamvuyi kwa zaka makumi atatu kapena kupitirira, limayamba kudandaula. Mayi amamva kutentha kodzidzimutsa kochokera pachifuwa kukwera kumaso, thukuta limatuluka usiku mpaka kunyowetsa zofunda, tulo timasowa, mtima umathamanga, ndipo ena amapsa mtima msanga kapena kuiwalaiwala. Si matenda ayi. Koma mphunzitsi amene wagona maola atatu okha, naimirira m'mawa pamaso pa ana odzaza chipinda cha malata m'mwezi wa October, sangatonthozedwe ndi mawu akuti si matenda. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SWAN anapeza m'chaka cha 2015 kuti kwa amayi amene kutenthaku kumawavuta kawirikawiri, kumatha zaka zoposa 7, ndipo kwa amayi akuda a dzikolo zaka ngati 10. Popeza wantchito wa Boma amapuma ali ndi zaka 60, n'zoonekeratu kuti mtolo wonsewu amausenzera pantchito.

Kodi malonda a zitsambawa anakula bwanji? M'maiko a Azungu madokotala ankapatsa amayi mapiritsi obwezera mphamvu imene yachepa m'thupi. Tsono mu July 2002 kafukufuku wa Women's Health Initiative, amene munali amayi oposa 16,000, anaimitsidwa nthawi yake isanakwane, chifukwa anaona kuti khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi zinali kuchulukirapo pang'ono mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Mantha anagwira amayi ambirimbiri, nataya mapiritsi, natembenukira ku zitsamba. Pambuyo pake akatswiri anaunikanso nkhaniyi napeza kuti amayi a m'kafukufukuyo anali achikulire ndithu, ambiri opitirira zaka 60, ndi kuti kwa mayi wosafika zaka 60 amene alibe chomuletsa, ubwino wa mapiritsiwo nthawi zambiri umaposa choopsa chake. Koma mbiri yoipa inali itapita kale patsogolo, ndipo mabotolo okongola a zitsamba anadzaza m'masitolo, mpaka ena afika kuno kwathu kudzera ku Johannesburg ndi pa Facebook.

Chitsamba chotchuka koposa m'mabotolowa ndi black cohosh, muzu wa ku North America umene eni nthaka a kumeneko ankagwiritsa ntchito kale. M'chaka cha 2006 ku Seattle anayesa muzuwu pa amayi 351 kwa chaka chathunthu: ena anapatsidwa muzu weniweni, ena mapiritsi opanda mankhwala m'kati, ndipo palibe ankadziwa chimene akumwa. Pomaliza panalibe kusiyana. M'chaka chomwecho akuluakulu oyang'anira mankhwala ku Britain analamula kuti pa mabotolo ake pazilembedwa chenjezo lakuti muzuwu ungavulaze chiwindi. Wina afunsa kuti, nanga bwanji mnzathu uja anamwa napeza bwino? Yankho lake n'lakuti m'mayeso otere ngakhale amene amwa mapiritsi opanda kanthu aja ambiri amanena kuti kutentha kwachepa, pakuti vutoli limakwera ndi kutsika lokha, ndipo chiyembekezo nacho chili ndi mphamvu yake. Mnzanuyo sakunama, koma ndalama za theka la malipiro ake zikanatha kugwira ntchito ina.

Nkhani ya soya ndiyo yokondweretsa. Mayi wina wophunzira za chikhalidwe cha anthu, Margaret Lock, anafufuza ku Japan m'zaka za m'ma 1980 napeza kuti amayi a kumeneko sankadandaula kwambiri za kutentha poyerekeza ndi a ku Canada ndi America. Anthu anaganiza kuti chinsinsi chili mu soya, amene Ajapani amadya kuyambira ubwana, ndipo m'mene muli tinthu tofanana pang'ono ndi esitirojeni. Mayeso amene anatsatira sanagwirizane: ena anaona kuchepa pang'ono kwa kutentha, ena sanaone kanthu. Chotero sitingalonjeze munthu kuti soya am'chiritsa. Komabe ife tili ndi mwayi umene Mzungu alibe, pakuti iye amagula soya m'botolo pa mtengo waukulu, pamene kwathu ku Mchinji, Kasungu, Dedza ndi Lilongwe amalimidwa m'munda, ndipo mayi aliyense amadziwa kukazinga ndi kugayitsa ufa wake wa phala monga lija la Likuni Phala. Ngati sachotsa kutentha, ndi chakudya chomanga thupi ndithu, ndipo palibe chimene mayi wataya.

Pali chitsamba china chimene tiyenera kuchitchula ndi mawu amphamvu. Dzina lake ndi St John's wort, ndipo chimasakanizidwa m'mabotolo ambiri olembedwa kuti ndi othandiza kukhazika mtima pansi. Chitsambachi chimafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'magazi, ndipo pakati pa mankhwalawo pali ma ARV, mapiritsi olera ndi warfarin. M'dziko lathu lino, m'mene amayi ambiri amene anayamba ma ARV zaka zapitazo tsopano afika pa msinkhu umenewu ali amoyo ndi athanzi, ichi si chinthu chaching'ono. Ngakhale mapiritsi a kashiamu ndi ayironi, amene amaoneka osalakwa, amatchinga dolutegravir kulowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi pamimba yopanda kanthu. Mayi amene ali pa mankhwalawa atenge botolo lililonse limene wagula, apite nalo kwa dokotala kapena namwino wake asanalitsegule. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo loyang'anira mankhwala m'dziko muno, koma silingaime pa chikwama chilichonse cholowa pa Mwanza kapena pa Dedza.

Nanga chothandiza n'chiyani? Kunena zoona, zina mwa zimene zili ndi umboni n'zosakongola ndipo sizigulitsidwa. Bungwe la madokotala a za nkhaniyi ku North America linanena m'chaka cha 2023 kuti silivomereza mabotolo a zitsamba pa vuto la kutentha, koma linavomereza uphungu wophunzitsa munthu kulamulira maganizo ndi mantha ake pamene kutentha kwafika, ndiponso kuchepetsa thupi kwa amene ananenepa kwambiri. Fodya amafulumizitsa kuleka kusamba ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo amakulitsa kutentha. Amayi ena amaona okha kuti mowa, tiyi wotentha kwambiri kapena tsabola zimawaputira vutoli. Zovala za thonje zimaposa za nailoni.

Koma chimene ife tiona kuti n'chachikulu ndi mafupa, chifukwa iwo sadandaula mpaka tsiku lothyoka. Esitirojeni akachepa, mafupa amayamba kupepuka msanga, makamaka m'zaka zoyamba. Apa mbale ya kumudzi ipambana ya m'tauni. Usipa, matemba ndi kapenta, zimene timadya pamodzi ndi minga yake, zili ndi kashiamu wambiri. Chimodzimodzinso mawere, bonongwe, masamba a chammwamba, mkaka ndi chambiko. Mayi wa kumudzi amene amalima, kusenza ndi kuyenda padzuwa amalimbitsa mafupa ake osadziwa, pamene mlembi amene amachoka pa mpando wa muofesi kupita pa mpando wa minibasi ndiye ayenera kudzikakamiza kuyenda ndithu tsiku ndi tsiku.

Makolo athu anali ndi nzeru yawo pa nkhaniyi. Mkazi amene waleka kusamba ankamasuka ku miyambo ina, monga ija ya kusathira mchere m'ndiwo masiku ena, ndipo ankalowa m'gulu la akuluakulu olangiza anamwali ndi osunga mwambo. Sankamuona ngati watha ntchito. Ulemu umenewu aphunzitsi aakulu ndi akapitao a m'maofesi angachite bwino kuukumbukira pamene mayi apempha kukhala pafupi ndi zenera.

Tsono chenjezo lathu lomaliza lipite kwa amayi eni ake, pakuti si thukuta lililonse la usiku limene lili la msinkhu. Ngati pali kutsokomola, kuonda kapena kutentha thupi kosatha, chingakhale chifuwa chachikulu kapena malungo. Mtima wothamanga ungachokere ku chithokomiro kapena kuthamanga kwa magazi. Pathupi napo n'potheka pamene kusamba kukudumphadumpha, chotero madokotala amalangiza kupitiriza kulera kwa zaka 2 chilekereni kusamba ngati mayi sanafike zaka 50, ndi chaka chimodzi ngati wapitirira. Ndipo mayi amene analeka kwa chaka chathunthu, naonanso magazi ngakhale dontho limodzi, asapite kwa wogulitsa mizu kapena kudikira kutha kwa teremu. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yachuluka koposa padziko lonse, ndipo magazi otere ndi chimodzi mwa zizindikiro zake. Kuyeza kwake kumachitika m'zipatala za Boma za m'maboma athu, kumatenga mphindi zochepa, ndipo salipiritsa.