Malipiro a wantchito amene akuchira pambuyo pa opaleshoni

Munthu akachitidwa opaleshoni, dokotala amamulamula kuti apume masabata angapo, asanyamule zolemera ndipo asayende mtunda wautali kufikira bala litapola. Kwa wantchito wolembedwa, funso lalikulu limakhala la malipiro, pakuti lendi, chakudya ndi fizi ya ana siziyembekezera kuti bala lipole. Ena amabwerera ku ntchito ulusi usanachotsedwe poopa kudulidwa malipiro kapena kuchotsedwa ntchito, ndipo potero amaika moyo wawo pachiswe. Komatu malamulo a dziko lino anakonza kale njira yotetezera anthu otere.

Zimene lamulo likunena

Lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000, pa gawo 46, limapereka tchuthi cha matenda kwa wantchito amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza kwa womulemba ntchito mmodzi. M'chaka chilichonse, wantchito wotere akadwala ayenera kupatsidwa masabata anayi a tchuthi akulandira malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka la malipiro. Onse pamodzi ndi masabata 12.

Lamuloli limakhudza ogwira ntchito m'makampani, m'masitolo, m'maesiteti, m'mabungwe, ngakhalenso alonda ndi antchito a m'nyumba. Pangano la ntchito la pakamwa nalonso ndi pangano pamaso pa lamulo. Amene lamuloli siliwakhudza ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, chifukwa iwo ali ndi malamulo awoawo.

Masabata amenewa ndi mulingo wochepetsetsa. Wolemba ntchito ali ndi ufulu wopereka tchuthi chotalikirapo kapena malipiro onse kwa nthawi yaitali, ndipo ngati pangano la ntchito likutero, ayenera kulitsata. Chimene sangachite ndicho kupereka zochepera pa zimene lamulo linakhazikitsa.

Kawerengedwe ka ndalama

Chitsanzo ndi cha wantchito amene amalandira K40,000 pa sabata, ndipo dokotala wamulembera masabata asanu ndi limodzi opuma atachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Pa masabata anayi oyamba adzalandira K160,000. Pa masabata awiri otsalawo adzalandira theka, K20,000 pa sabata, zomwe zikukwana K40,000. Motero pa nthawi yonse yopumayo ayenera kulandira K200,000. Ngati wantchitoyo anali atadwalapo kale m'chaka chomwecho n'kutenga sabata imodzi ya tchuthi cha matenda, ndiye kuti masabata a malipiro onse omwe amutsalira ndi atatu.

Kalata ya kuchipatala

Wolemba ntchito sakakamizidwa kupereka tchuthi cha matenda popanda kalata yochokera kwa dokotala wovomerezeka. Apa ndi pamene ambiri amataya ufulu wawo. Wodwala asanatuluke m'chipatala, kaya ndi cha boma, cha mishoni kapena chimene si cha boma, iye mwini kapena womudwazika apemphe kalata yosonyeza tsiku limene anagonekedwa, tsiku la opaleshoni ndi nthawi imene ayenera kupuma. Kalatayo ikhale ndi dzina la dokotala, siginecha ndi chidindo cha chipatala. Ndi nzeru kuijambulitsa isanaperekedwe ku ntchito, kuti wantchito atsale ndi yake. Bala likachedwa kupola, wodwala abwerere kuchipatala kuti akalembedwe kalata ina yowonjezera masiku.

Ngati opaleshoni ndi yokonzedweratu, monga momwe zimakhalira munthu akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, cha Queen Elizabeth, cha Zomba kapena cha Mzuzu, wantchito adziwitse womulemba ntchito nthawi ikadalipo. Ikakhala yadzidzidzi, wachibale apereke uthengawo mwamsanga.

Kudwala si chifukwa chochotsera munthu ntchito

Gawo 57 la lamulo lomweli limanena momveka kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito kapena kumupatsa chilango. Wantchito amene wapereka kalata ya dokotala sayenera kupeza malo ake atapatsidwa wina mpaka kalekale. Masabata 12 akatha munthu asanachire, lamulo silikakamiza wolemba ntchito kupitiriza kulipira, koma silimulolanso kuthamangitsa wodwalayo popanda kumva mbali yake. Mbali ziwirizo zikhoza kugwirizana za tchuthi chopanda malipiro kapena ntchito yopepuka kwa kanthawi.

Magulu ena ofunika kuwatchula

Amene sanakwanitse miyezi 12 pa ntchito alibe ufulu wa malipiro a tchuthi cha matenda pansi pa gawo 46, pokhapokha ngati pangano lawo likuwapatsa. Ngakhale zili choncho, chitetezo choti asachotsedwe ntchito chifukwa cha kudwala kwa kanthawi chili pa gawo lina la lamulo, ndipo ofesi ya zantchito ikhoza kuwalangiza.

Mayi wobereka kudzera mu opaleshoni amayamba ndi tchuthi cha uchembere, chomwe ndi masabata osachepera asanu ndi atatu a malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Dokotala akatsimikiza kuti pali matenda odza chifukwa cha pakati kapena kubereka, lamulo limati wolemba ntchito awonjezere tchuthicho.

Ngati opaleshoni yadza chifukwa cha ngozi ya pa ntchito, nkhaniyo imagweranso pansi pa lamulo la chipukutamisozi la Workers' Compensation Act, lomwe limaika udindo wa ndalama za chithandizo cha kuchipatala ndi chipukutamisozi pa wolemba ntchito. Ngozi yotere iyenera kunenedwa mwamsanga kwa wolemba ntchito ndi ku ofesi ya zantchito.

Kokadandaula

Wantchito amene wamanidwa malipiro kapena wachotsedwa ntchito akudwala akadandaule ku ofesi ya zantchito ya boma lake. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mosatsata chilungamo liyenera kukafika kwa mkulu wa ofesiyo pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwalo. Popita atenge kalata ya dokotala, buku lake la kuchipatala, mapepala a malipiro ndi kalata yomulemba kapena yomuchotsa ntchito ngati ilipo. Ofesiyo imaitana mbali zonse kuti zikambirane, ndipo zikakanika, nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court.

Mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko cha m'midzi ndi m'madera akulimbikitsidwa kufalitsa uthengawu pa misonkhano yawo, kuti olemba ntchito ndi antchito omwe adziwe udindo wawo matenda asanagwe.