Wosoketsa Nsapato za Nkhondo (Gawo 4)

M'gawo lapitali tinalekezera pa uthenga wa maliro. John Rodgers Meigs, mnyamata wa zaka 22, anawomberedwa m'chigwa cha Shenandoah pa 3 Okutobala 1864. Bambo ake, Jenerale Montgomery Meigs, sanakhulupirirepo kuti mwanayo anafa pomenyana. Iye ankati anachita kumuchita chiwembu.

Koma nthawi yokhala pansi kulira panalibe. Chiyambire 1861, Meigs ndiye ankayang'anira katundu wa asilikali a kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America: mayunifolomu, nsapato, matenti, mahatchi, nyulu, ngolo, sitima zapamadzi, ngakhalenso chakudya cha ziweto. Chakudya cha asilikali chinkagulidwa ndi nthambi ina, komabe kuti chifike pakamwa pa msilikali, chinkakwera ngolo za Meigs.

Maliro aja asanazizire, Jenerale William Sherman anabwera ndi nkhani yozunguza mutu. Pa 15 Novembala 1864 anayamba kutuluka mumzinda wa Atlanta ndi asilikali pafupifupi 60,000 ndi ngolo pafupifupi 2,500. Njanji ya kumbuyo kwake anaizula yekha, mawaya a telegalafu nawonso anadula. Anati anthu ake adzidya zimene apeze m'minda ya eni ake ku Georgia mpaka akaone nyanja.

Apa owerenga akumbukire kuti Georgia kunali kwawo kwa Meigs, poti anabadwira ku Augusta mu 1816. Koma chisoni ndi dziko lakwawo la kumweralo analibe. Si uja anatenga munda wa Arlington, pakhomo pa Robert Lee, jenerale wa asilikali a kumwera, munthu amene anagwira naye ntchito pa mtsinje wa Mississippi mu 1837, n'kuusandutsa manda a asilikali?

Chimene chinkamusowetsa tulo Meigs chinali china. Kudya za m'minda n'kotheka, koma nsapato sizimera m'munda. Msilikali woyenda mwezi wathunthu m'matope amafika zala zili pamtunda, malaya ali nsanza, ndipo nyulu zake zimakhala mafupa okhaokha. Zonsezi zinafunika kukamudikirira Sherman kugombe. Tsono gombe lake liti? Akanatha kutulukira ku Savannah, akanathanso kukhotera kumwera cha ku Pensacola kapena Mobile. Ku Washington nkhani zake ankangozitola m'manyuzipepala a adani, omwe ankalemba zoti gulu lonselo latsala pang'ono kutha. Meigs anadzaza sitima ndi zovala, nsapato ndi chakudya cha ziweto, n'kutumiza zambiri ku Port Royal ku South Carolina, kuti zikadikire anthu amene sankadziwa ngati ali moyo. Ine ndimaona kuti pa ntchito yake yonse, apa ndi pamene anaonetsa kuti analidi katswiri, ngakhale mabuku ambiri amangotamanda Sherman.

Pa 10 Disembala asilikali aja anafika kunja kwa Savannah. Apa zinthu zinatembenuka. Minda ya chimanga ndi mbatata inali itatsala kumbuyo, kutsogolo kunali madambo ndi minda ya mpunga, ndipo gulu lalikulu chotere likaima malo amodzi limamaliza chilichonse m'masiku ochepa. Anthu anayamba kudalira mpunga wosapuntha. Ziweto zinayamba kufooka.

Sitima zinali pafupi, ku mathiriro a mtsinje wa Ogeechee. Koma pakati pa Sherman ndi sitimazo panali linga la McAllister, lomangidwa ndi dothi, lokhala ndi mizinga ndi asilikali osapitirira 250. Mozungulira lingalo anali atakwirira mabomba m'nthaka.

Pa 13 Disembala Sherman anatuma Jenerale William Hazen kuti akalande lingalo, iye n'kukwera padenga la chigayo cha mpunga kutsidya kwa mtsinje, makina oonera kutali ali m'manja. Tsiku linapita, kulingako kuli zii. Dzuwa litapendeka, munthu wina anaona utsi kumunsi kwa mtsinje. Inali sitima yaing'ono ya asilikali a kumpoto, ikubwera mozemba. Inakweza mbendera zake kufunsa ngati linga lagwa kale.

Linali lisanagwe, ndipo kuwala kunali kutatsala kwa ola limodzi lokha. Nthawi yomweyo asilikali a Hazen anatuluka m'nkhalango, kulunjika pa nthaka ya mabomba ija.

Kodi katundu wa Meigs adutsa pa Ogeechee? Musaphonye gawo 5.