Mawaya a m'mano samanga lilime

Aphunzitsi, anamwino ndi alaliki akabwera kudzafunsa za mawaya owongola mano, nkhani ya ululu imakhala yachiwiri. Choyamba amati: "Adokotala, ndikaika zimenezi ndiziyankhula bwanji pagulu?" Mphunzitsi wa ku Bua amene akuphunzitsa ana a Sitandade 1 kutchula zilembo sangalephere kuda nkhawa, pakuti pakamwa pake ndiye khasu lake.

Inde, malankhulidwe amasintha, koma kwa kanthawi. Timamata tizitsulo pa dzino lililonse n'kudutsitsamo waya amene amakoka mano pang'onopang'ono, nthawi zambiri kwa miyezi 18 mpaka 24. Masiku oyamba milomo imakhulana ndi tizitsuloto, malovu amachuluka, ndipo mpweya sudutsa pomwe unazolowera. Mawu okhala ndi "s", "z", "ts" ndi "dz" ndiwo amavuta: munthu akati "tsiku" kapena "dzulo" mumamva kamluzu. Chosokoneza kwambiri ndi kapulasitiki kovula kamene kamakhala kumwamba m'kamwa, chifukwa kamaphimba malo amene nsonga ya lilime imagunda.

Chimandipweteka ndi kuona munthu akungokhala duu pamsonkhano, dzanja lili kukamwa. Lilime limazolowera pogwira ntchito, ndipo ambiri amabwerera mwakale pakangotha milungu ingapo. Tengani nyuzipepala madzulo muwerenge mokweza, mosathamanga. Ikitsani mawayawo sukulu itatsekera kapena muli patchuthi. Mlomo ukatupa, pali phula lofewa lomata pa kachitsulo kamene kakukubayani. Lipempheni kwa amene wakuikaniyo. Kapulasitiki kaja musamakavule pokaphunzitsa, mukungochedwetsa lilime lanu lomwe.

Kunyanja kuno vuto lalikulu ndi mtunda. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ndi Kamuzu University of Health Sciences, choncho odziwa ntchitoyi akadali ochepa ndipo ambiri ali ku Lilongwe ndi Blantyre. Waya amafuna kukonzedwa pakatha milungu 4 mpaka 8, ndiye werengerani thiransipoti yodzera ku Salima musanavomere. Nzimbe za ku Dwangwa, chimanga chootcha ndi mtedza wokazinga muzisiye kaye. Kachitsulo kakamatuka, waya amabaya tsaya n'kukusowetsani mtendere m'kalasi, ndipo pamakhala ulendo wina wa ku Lilongwe umene sunali pabajeti.