Semina ya Mises ku Vienna ndi Ciphunzitso ca Msika Waufulu

1. Mau oyamba

M'nkhani ino tifuna kufotokoza za semina imodzi imene inakhudza kwambiri maphunziro a zacuma, ngakhale kuti sinali pansi pa yunivesite iliyonse ndiponso sinapatse munthu aliyense digiri. Iyi ndi semina imene Ludwig von Mises (1881-1973) anali kucititsa mumzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, kuyambira m'caka ca 1920 kufikira 1934. Tionetsa kuti mphamvu yake inagona pa anthu owerengeka amene analimbana ndi mafunso omwewo kwa zaka zambiri.

2. Kayendetsedwe ka semina

Mises anali kugwira nchito kubungwe la amalonda la mumzindawo, ndipo seminayi inali kukumana mu ofesi yake Lacisanu madzulo, kamodzi pa masabata awiri, kuyambira mwezi wa October kufikira June. Obwera anali pafupifupi 20, ambiri a iwo atalandira kale digiri ya udokotala, ndipo munthu anali kulowamo mocita kuitanidwa. Mmodzi anali kuyala mutu wa tsikulo, anzake n'kuyamba kuusanthula, ndipo nthawi ikatha mkangano unali kupitirira kumalo odyera mpaka usiku. Pakati pao panali akatswiri a zacuma Friedrich Hayek, Fritz Machlup, Gottfried Haberler ndi Oskar Morgenstern, komanso Alfred Schütz ndi Felix Kaufmann, amene cidwi cao cinali pa nzeru zakuya ndi kakhalidwe ka anthu. Cifukwa ca kusakanikirana kumeneku, nthawi yambiri inali kuthera pa njira zofufuzira ndi pa matanthauzo a mau, pakuti liu limene wazacuma anali kuliyesa lomveka, mnzake anali kufuna kuti alimasulire.

3. Funso la mitengo

Tikanena kuti msika waufulu, titanthauza dongosolo limene anthu ali ndi katundu waowao, ndipo mitengo ya zinthu imabadwa pa kugwirizana kwa wogula ndi wogulitsa popanda lamulo la boma. M'caka ca 1920 Mises analemba nkhani yonena kuti dziko la sosholizimu, kumene boma ndilo mwini wa minda, migodi ndi mafakitale, silingathe kuwerengera bwino kagwiritsidwe nchito ka cuma cake, ndipo anakulitsa mfundoyi m'buku la 1922 lochedwa Die Gemeinwirtschaft.

Tiyerekeze kuti mkulu wa boma ali ndi citsulo cocepa, ndipo ayenera kusankha kumanga mlatho kapena kusula makasu. Pamene citsulo, malasha ndi makina zikugulitsidwa pamsika, iye angathe kuwerengera zolowa ndi zotuluka pa nchito iliyonse ndi kuona imene ikuwononga cuma. Koma ngati zonsezi zili m'manja mwa mwini mmodzi, palibe kugulana, conco palibenso mtengo weniweni, ndipo kusankha kwake kumakhala kwa m'cimbulimbuli. Oskar Lange wa ku Poland anayankha m'zaka za 1936 ndi 1937 kuti boma lingathe kuika mitengo moyesera, n'kumaikweza katundu akasowa ndi kuitsitsa akaculuka. Hayek anayankhanso m'caka ca 1945 kuti cidziwitso cofunika cili comwazika m'mitu ya anthu mamiliyoni, ndipo mitengo ndiyo imacifalitsa mwamsanga kuposa ofesi iliyonse. Mkanganowu si wacilendo kwa ife a m'Zambia, amene tinaona boma likuika mtengo wa unga kufikira pamene ulamuliro umene unalowa mu 1991 unayamba kumasula mitengo.

4. Kubalalika kwa mamembala

Hayek anapita ku London School of Economics mu 1931, Mises anasamukira ku Geneva mu 1934, ndipo pamene Germany ya cipani ca Nazi inalanda Austria mu 1938, ambiri otsala anathawa. Haberler anakhazikika ku Harvard, Morgenstern ku Princeton. Mises anafika ku New York mu 1940, ndipo anaphunzitsa pa New York University kuyambira 1945 kufikira 1969, kumene Israel Kirzner ndi Murray Rothbard anali kubwera kusemina yake yatsopano. Hayek analandira mphoto ya Nobel mu 1974. Bungwe la Mises Institute, lokhazikitsidwa mu 1982, limasonkhanitsa ophunzira a digiri zapamwamba ku Auburn, Alabama, kwa sabata imodzi kuti awerenge mozama mabuku monga Human Action la 1949.

5. Mau otsiriza

Tiyenera kuzindikira kuti mamembala a ku Vienna sanali kuvomereza zonse zimene Mises anali kuphunzitsa. Mises sanali kukhulupirira masamu pofufuza zacuma, koma Morgenstern analemba ndi John von Neumann buku la 1944 lodzala ndi masamu. Kwa ife aphunzitsi, apa ndi pamene pali phunziro: semina imayesedwa ndi ophunzira amene atulukamo ali okhoza kutsutsa mphunzitsi wao ndi zifukwa zomveka.