Mwana Wabadwa, Nanga Mayi Ali Bwanji?

Mayi akatuluka chikuta tonse timathamangira kukaona khanda. Timafunsa ngati likuyamwa bwino, ngati mchombo wapola, ngati lafanana ndi bambo ake. Koma ndi angati mwa ife amene amakhala pansi nafunsa mayiyo za mumtima mwake?

Alipo matenda amene amagwira amayi ali oyembekezera kapena atangochira kumene. Achipatala amati ndi matenda a nkhawa. Kumudzi timangoti "akuganiza kwambiri". Mayi amalira popanda chifukwa chooneka, tulo sabwera ngakhale mwana atagona, chakudya sichikoma, ndipo amadziona ngati wopanda pake. Ena chikondi cha pa mwana wawo yemwe sichibwera, ndipo amachita manyazi kuuza munthu. Kukhumudwa kwa masiku ochepa mayi atangochira kumachitikira ambiri ndipo kumatha kokha. Kukapitirira masabata awiri, amenewo ndi matenda. Si ulesi, si mwano, si kulodzedwa ai.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti m'maiko osauka, mwa amayi asanu alionse ochira kumene, mmodzi amavutika motere. Tisaganize kuti ndi za kutali. M'chaka cha 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitikira kwa anansi athu, pa chipatala cha boma cha Thyolo, pakati pa amayi obwera ndi ana ku katemera. Anapeza kuti pafupifupi amayi atatu mwa khumi alionse anali ovutika m'maganizo, ndipo ana awo anali operewera msinkhu poyerekeza ndi anzawo.

Kodi maganizo a mayi angapinimbiritse bwanji mwana? Khanda limaphunzira poyang'ana nkhope ya amake. Likalira iwo nalinyamula, likamwetulira iwo naliseka, limadziwa kuti lili ndi mwini, ndipo nzeru zake zimakula. Mayi wodwala nkhawa amachedwa kumva kulira kwa mwana, amayamwitsa mothamanga maso ali kwina, phala amaphika mochedwa, sikelo amadumpha. Sachita dala. Mphamvu ndi imene yamuthera.

Kuno ku Mulanje zoyambitsa sizisowa. Minda ndi yaing'ono. Amayi ambiri amalawira kukathyola tiyi kapena kukagwira ganyu mwana asanakhwime. Amuna ena ali ku Joni ndipo ndalama satumiza. Ena ali pakhomo pomwepo koma ndi mowa ndi nkhonya. Atsikana ochira ali aang'ono, mwini mimba atawakana, ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Ndipo namondwe wa Freddy, amene m'mwezi wa Malichi 2023 anagumula nyumba ndi kupha anthu kuno ndi ku Phalombe, anasiya zilonda zosaoneka mwa amayi amene anataya ana ndi abale.

Mwambo wathu wa chikamwini uli ndi ubwino wake pamenepa: mayi amachira ali pakati pa amake, azakhali ake ndi abale ake. Choipa nchakuti akamwini ena amati za mwana nza kuchikazi. Bambo, kunyamula khanda kuti akazi anu agoneko, kapena kuwatungira madzi, sikuchotsa ulemu wanu. Ife a m'miphakati ndi m'magulu a amayi, tikapita kukazonda tisamangopereka sopo nkubwerera. Timvetsere, ndipo zimene tamvazo zisakamveke kudambo. Kupemphera naye nkwabwino, koma sikulowa m'malo mwa chipatala.

Matendawa amachizika. Mayi auze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kapena namwino wa ku sikelo. Ambiri amapeza bwino ndi uphungu. Ena amalandira mankhwala, ndipo alipo mankhwala amene mayi angamwe akuyamwitsa. Koma akayamba kulankhula zodzipha kapena zovulaza mwana, kumva mau a anthu osaoneka, kapena kukhala masiku angapo osagona nkomwe, musamusiye yekha ndi khanda. Pitani naye tsiku lomwelo ku chipatala chapafupi, kapena cha boma cha Mulanje, kapena cha Mulanje Mission.