Timikanda Toulula Chiphe cha mu Nsawa ndi Chimanga

Mu Ogasiti 2024, Nduna ya Zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti mu ufa wina wogulitsidwa m'masitolo mwapezeka chiphe cha aflatoxin. Apa n'kuti agalu pafupifupi 400 atafa kale ndi chakudya chopangidwa ndi chimanga. Kwa ife alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, amene chuma chathu chagona pa nsawa ndi chimanga, uthengawu unatikhudza kwambiri.

Chiphechi chimachokera ku chuku cha m'nthaka chotchedwa Aspergillus flavus. Chimaononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa. Ku Kenya chinapha anthu 125 m'chaka cha 2004. Sichioneka, sichinunkha, ndipo kuphika nsima kapena kukazinga nsawa sikuchithetsa.

Nanga chosaoneka chingadziwike bwanji? Njira imodzi ndi ya timikanda ta pulasitiki, kalikonse kochepa ngati selo lofiira la magazi. Kampani ya Luminex ya ku Texas imanyika timikandato mu utoto wowala wa mitundu iwiri. Posinthasintha muyezo wa utotowo, pamatuluka magulu 100, lililonse ndi chizindikiro chake, monga momwe m'busa amadziwira ng'ombe iliyonse ndi mawanga ake. Gulu lina limakonzedwa kuti lizindikire aflatoxin, lina fumonisin, chiphe china chofala m'chimanga. Akatswiri amatisakaniza ndi madzi osungunulira ufa woyesedwa, kenaka n'kutidutsitsa kamodzikamodzi pa kuwala kwa laser. Kuwala kofiira kumawerenga gulu la kamkanda, kobiriwira kumayeza kuchuluka kwa chiphe. Motero madontho ochepa amaulula ziphe zingapo nthawi imodzi.

Makinawa ndi odula ndipo amakhala m'malabotale, koma zoyeza zoterezi ndizo zimatsegula kapena kutseka msika. Maiko a European Union salola nsawa zodya zopyola magawo 4 a aflatoxin pa biliyoni.

Makina amangoulula, kuteteza kuli m'manja mwa mlimi. Wazani Aflasafe, amene anakonzedwa ndi IITA pamodzi ndi ZARI, milungu iwiri kapena itatu mbewu zisanachite maluwa. Kololani pa nthawi yake, ndipo yanikani pa thandala kapena pa tenti, osati pa dothi. Musawaze madzi pa nsawa pofuna kufewetsa makoko poswa.

Chomaliza ndicho chovuta. Ambiri timagulitsa nsawa zosalala, zofota ndi zachuku n'kusinja nsinjiro za phala la ana. Nsawa imene wogula waikana, mwana asaidye.